Mayi wa ku Japan ndi Mankhwala a Otaya Magazi

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nkhani ya lero ikhudza amayi ndi azakhali anu, ngakhale iyambira kutali. Akazi ambiri amaleka kupita kumwezi ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Aristotle wa ku Greece analemba za kulekaku zaka zoposa 2,000 zapitazo, ndipo mu 1821 dokotala wa ku France, Charles de Gardanne, anakucha ménopause. Koma dzina lokha silinaciritse munthu.

Zaka zotsiriza msambo usanaleke zimasautsa akazi ena. Umabwera mosayembekezeka, ndipo magazi amatuluka ambiri kotero kuti mayi afooka, namva cizungulire, nalephera ngakhale kusenza mtsuko. Kwa nthawi yaitali panalibe cithandizo ceniceni, ndipo opaleshoni itafala madokotala ambiri anali kungocotsa cibaliro conse.

Tsopano tipite ku Japan. Nkhondo yaikulu itatha mu 1945, dzikolo linali pa umphawi. Dr Utako Okamoto ndi amuna awo, a Shosuke, anasankha kufufuza za magazi, popeza akasowa oyesera akanatha kutenga awo omwe. Posowa womlerera mwana, Mayi Okamoto anali kugwira nchito mwana ali kumbuyo, monga momwe acitira amayi athu kumunda. Mu 1962 awiriwa analengeza mankhwala ochedwa tranexamic acid.

Mudziwa kuti magazi amaundana pa bala kuti aleke kutuluka. Thupi lili ndi njira yake yosungunulira coundanaco. Mankhwalawa amacedwetsa kusungunukako.

Colinga ca Mayi Okamoto cinali kupulumutsa akazi otaya magazi pobereka, koma madokotala a kwawo sanafune kuwayesa pa nchitoyo. Ine ndiona kuti pamenepa panatayika miyoyo yambiri. Komabe mankhwalawo anapeza nchito ina: anayamba kuthandiza akazi a msambo woculuka. Kuyesa kwakukulu kumene mwini wake anakulakalaka kunacitika pambuyo pake pa akazi oposa 20,000 m'maiko 21, ndipo Zambia anali momwemo. Zotsatira zinatuluka mu 2017, zosonyeza kuti mankhwalawa akaperekedwa msanga amapulumutsadi obereka. Mayi Okamoto sanazimve. Anamwalira mu 2016 ali ndi zaka 98.

Lero mayi wa zaka za m'ma 40 amene ataya magazi ambiri angapatsidwe mapiritsiwa ku cipatala atampima, ndipo amamwa pa masiku a msambo okha, kawirikawiri pamodzi ndi ena a ayironi obwezeretsa magazi. Koma akakhala miyezi 12 osapita kumwezi, ndiye kuti waleka. Magazi obwera pambuyo pa apo si msambo ai, ndipo afunika kukapimidwa msanga.