Beni: Gule Wobadwira pa Perete

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Limbe kunka ku Mulanje, akayandikira phiri, maso ake amagwa pa minda ya tiyi. Mitengo ya tiyiyo ili ndandanda m'mizere yowongoka, yonse yodulidwa msinkhu umodzi, monga asilikali pa perete. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891 ndi Mzungu wina dzina lake Henry Brown. M'zaka zotsatira Alomwe ambiri anawoloka malire kuchokera ku dziko la Apwitikizi nadzakhala pa minda ya Azungu, pamodzi ndi Amang'anja ndi Ayao amene anawapeza. Kumeneko anakumana ndi moyo wachilendo: belu la m'mawa, kapitawo, tikiti ndi thangata. Anthu ankathyola tiyi pa mzere, nalandiranso malipiro pa mzere.

Magule ambiri a makolo sali otero. Tchopa wa Alomwe amavinidwa mozungulira, amuna ndi akazi alikutsatana m'bwalo. Tsono mzere wa Mzungu unalowa bwanji m'gule? Nkhani yake ndi mbiri ya Beni, ndipo imamveka bwino ikayambira ku Ulaya, pakuti nthawi yomweyo nakonso kunali kusinthika kwakukulu.

Pa chiyambi cha zaka za m'ma 1900 amisiri a ku Ulaya anatopa ndi njira za makolo awo. Makina ojambulira anali atafala, ndipo ankatulutsa nkhope ya munthu ndendende. Nanga mmisiri wa utoto adzivutitsirenji kupikisana ndi makina? Choncho anayamba kufuna njira zatsopano, ndipo luso lamakonolo m'Chingerezi limatchedwa modernism. Mnyamata wina wa ku Spain, Pablo Picasso, amene ankakhala ku Paris, analowa m'nyumba yosungiramo zinthu za mitundu ya kutali ya Trocadéro, naona zigoba za kumaso zosemedwa ku Afrika. M'chaka cha 1907 anajambula chithunzi cha akazi asanu, awiri mwa iwo nkhope zawo zili ngati zigobazo. Ngakhale abwenzi ake anaipidwa nacho, koma lero chimasungidwa ku New York monga chuma cha mtengo wapatali. Pa 29 May 1913, mu mzinda womwewo wa Paris, Vaslav Nijinsky anaonetsa gule watsopano pa nyimbo za Igor Stravinsky. Ovina ake, m'malo moyenda nyang'anyang'a ndi nsonga za zala monga mwa chizolowezi, ankaponda pansi mwamphamvu atapindira mapazi m'kati. Owonerera anachita phokoso lalikulu, kotero kuti ovinawo sankamva bwino nyimbo.

Pamene Azunguwo ankatapa za ku Afrika, anyamata a ku Afrika nawonso analikutapa za Azungu. M'zaka za m'ma 1890, m'mizinda ya Aswahili ya m'mbali mwa nyanja ya mchere, monga Lamu, Mombasa ndi Pangani, anyamata ankaona asilikali ndi amalinyero alikuguba ndi malipenga a mkuwa. Anakhazikitsa magulu awoawo opikisana, nawatcha Beni, potengera liwu la Chingerezi la gulu la oimba malipenga. Ku Mombasa kunali gulu la Kingi ndi la Scotchi, lotsanzira asilikali a ku Scotland. Ku dziko la Ajeremani, limene lero ndi Tanzania, kunali Marini ndi Arinoti.

Chimene chinafikitsa guleyu m'dziko muno ndi nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuluakulu anaitcha ya Chiwaya. Amuna a Nyasaland pafupifupi 19,000 analembedwa usilikali, ambiri a iwo m'gulu la Keyala, ndipo ena pafupifupi 200,000 anatengedwa kukasenza katundu monga amtengatenga. Ambiri sanabwerere, njala, kamwazi ndi kutopa zinapha ochuluka koposa zipolopolo. Nkhondoyo siinali kutali ndi Mulanje ayi. Mu November 1917 mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma nalowa m'dziko la Apwitikizi, ndipo kumapeto kwa August 1918 anamenyana ndi Akeyala pa Lioma, m'dziko lenileni la Alomwe. M'misasa ya nkhondoyo asilikali a mbali zonse ziwiri ankavina Beni, ndipo opulumuka anabwera naye kumudzi.

Mbewuyo inamera mosiyanasiyana monga mwa nthaka imene inagwerapo. Pakati pa Ayao a ku Mangochi, Machinga, Zomba ndi kwina konse kumene amakhala, dzina la Beni linakhala lomwelo. Kwa Atonga a ku Nkhata Bay kunabadwa Malipenga, ndipo kwa Achewa a ku Dowa, Ntchisi ndi Kasungu kunabadwa Mganda. Ku migodi ya ku Zambia kunafala Kalela, amene J. Clyde Mitchell analemba za iye m'chaka cha 1956.

Pofika apa ndi bwino kuima ndi kupenyetsetsa guleyo, pakuti luso lake lili m'tinthu ting'onoting'ono. Ovina Beni amavala khaki, zisoti za usilikali, malamba ndi nyota. Ali ndi maudindo awo, kuyambira kwa mkulu wa gulu kufikira kwa sajeni ndi kopolo, ndipo woyamba kumene amamvera wamkulu monga mwa lamulo la ku kampu. Amalowa m'bwalo moguba, naima chilili, nachita sawasha. Koma ng'oma zikangokolera, thupi limaiwala perete: mapazi amachita zawo, mapewa ndi chiuno zimayankha, ndipo amayi amapolokeza nyimbo za m'chinenero cha kwawo. A Malipenga ndi a Mganda anachita china chodabwitsa. Lipenga la mkuwa analibe ndalama zogulira, choncho anatenga chipanda, nachiboola, namatapo kachikopa koyera kopyapyala kamene kangaude amaphimbira mazira ake. Munthu akaimbira m'menemo, mawu amatuluka onjenjemera ngati a lipenga. Ngakhale atelala a makina a pa makonde a masitolo anali ndi gawo lawo, pakuti kaputula woyera wositidwa bwino ndi sokosi zofika m'mawondo zinali mbali ya mpikisano. Gulu losasamala zovala linkagonja lisanaponye ndi phazi lomwe.

Alipo anthu amene amati zonsezi kunali kungotsanzira Mzungu basi. Mawuwa ndi opepuka. Picasso atabwereka nkhope ya chigoba cha ku Afrika, osadziwa ngakhale tanthauzo lake, anatamandidwa kuti ndi katswiri wotsegula njira. Tsono mnyamata wa Chiyao atabwereka kuguba kumene anakudziwa ndi thukuta lake, atchedwerenji wotsanzira? Onse awiri anatenga chachilendo nachiumba kukhala chinthu chimene kunalibe kale, kwa Azungu kapena kwa makolo. Kusiyana kwake ndi kwakuti dzina la Picasso lili m'mabuku a dziko lonse, pamene maina a osema zigoba zija, ndi a anyamata oyamba kuguba m'midzi ya kuno, sanalembedwe. Ndiponso tisaiwale kuti munthu amene anamenyedwa chikoti ku nkhondo, akadziveka yekha nyota za mkulu wa asilikali pamaso pa mudzi wonse, pamakhala kusirira, komanso pamakhala chipongwe chobisika.

Aboma la Atsamunda anachinunkhiza chipongwecho. Sanakondwere kuona anthu akuda alikudzisankhira okha atsogoleri, kusonkha ndalama ndi kulemberana makalata mudzi ndi mudzi. Amishoni ena nawonso ankaletsa Akhristu awo kuvina. Pamene antchito a ku migodi ya mkuwa ya Northern Rhodesia ananyanyala ntchito m'chaka cha 1935, magulu a Mbeni anatchulidwa kuti ndiwo ankapititsa mauthenga kuchokera ku mgodi wina kunka ku unzake.

Nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, inatenganso Akeyala kunka ku Abyssinia, ku Madagascar ndi ku Burma, ndipo obwerako anawonjeza zatsopano za kuguba m'magule omwewo. M'chaka cha 1975 mphunzitsi wa mbiri, Terence Ranger, anasindikiza buku lathunthu la mbiri ya Beni. Tchopa uja wozungulira sanafe ayi: m'chaka cha 2014 bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa chuma cha miyambo ya anthu a dziko lonse. Beni naye akuvinidwabe, ndi adzukulu amene sanamvepo kulira kwa chiwaya.