Mzuni ndi Asodzi a ku Usisya

Kuchokera ku Usisya kukwera mapiri mpaka ku Mzuzu si ulendo wamasewera, makamaka m'dzinja msewu ukaterera. Kumtunda komweko, ku Luwinga, ndi kumene kuli sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu, imene ambiri amangoitchula kuti Mzuni. Nyumba ya Malamulo inaikhazikitsa mu 1997, Bakili Muluzi ali mtsogoleri wa dziko. Ophunzira oyamba analowa mu 1999, m'nyumba zimene kale zinali koleji ya aphunzitsi, ndipo iwonso anadzaphunzira uphunzitsi. Apa atsogoleri oyambawo anaona patali, pakuti sukulu zasekondale zinali ndi njala ya aphunzitsi.

M'zaka zotsatira, sukuluyi ili m'manja mwa anthu monga Pulofesa Peter Mwanza ndi ena amene anabwera pambuyo pake, maphunziro anachuluka: za nkhalango, zokopa alendo, unamwino, ndiponso za nsomba. Moto umene unanyeketsa laibulale mu Disembala 2015 unabweza ntchito m'mbuyo, koma sunaiphe.

Kwa ife a m'mbali mwa nyanja, nthambi ya nsombayo ndiyo nkhani. Pulofesa Wales Singini, amene anadzakhala mkulu woyendetsa sukuluyi, ndi katswiri wa za usodzi ndipo analembapo za nsomba zogwidwa m'nyanja ya Malawi. Choncho mayi wa ku Usisya, amene usipa wake umaonongekera pathandala mvula ikagwa masiku atatu osalekeza, sakulakwa akamafunsa kuti nzeru za ku Luwinga zidzatsika liti phirilo kufika padoko pake.