Mbiri ya Kuyeza Magazi m'Chigwa cha Shire ndi Nkhani ya Matenda a Mtima

Kwa zaka zoposa 100, magazi a anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akhala akuyezedwa pofuna kupezamo tizilombo tolowa m'thupi kuchokera kunja, makamaka ta malungo, ndipo ndi posachedwa pomwe azachipatala ayamba kufunsa ngati magazi omwewo angaulule matenda oyambira m'thupi momwemo, monga kutsekeka kwa mitsempha yodyetsa mtima. Mitsempha imeneyi ndi timitsempha tomwe timazungulira mtima n'kumaupatsa magazi akeake, ndipo tikaphimbika ndi mafuta oundana munthu amamva kupanikizika pachifuwa, pamene tikatsekekeratu mbali ina ya mnofu wa mtima imafa.

Zipatala zisanafike, Amang'anja ndi Asena a m'chigwachi ankaweruza magazi ndi maso. Sing'anga ankatema mphini pamalo opweteka, n'kuvundikirapo kanyanga koboola kunsonga, n'kuyamwa mpweya kuti kagwire khungu, ndipo magazi akuda ndi oundana amene ankatsalira m'kanyangamo ankatengedwa ngati umboni woti nthenda yatuluka. Mchitidwewu, womwe ndi kulumika, sunali wachilendo kwa madokotala a ku Ulaya a nthawi imeneyo, popeza nawonso ankakhetsa magazi a odwala pa matenda ambiri. David Livingstone ndi dokotala mnzake John Kirk atakwera mtsinje wa Shire mu 1859 anali ndi kwinini, koma ankakhulupirira kuti malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo, ndipo Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, mankhwala ake atatayika bwato litagudubuzika. Chaka chotsatira dokotala wa mishoni ya bishopuyo, John Dickinson, anamwaliranso pamudzi wa Chibisa pafupi ndi Chikwawa.

Zinthu zinasintha mu 1880 pamene Alphonse Laveran anaona kachilombo ka malungo m'magazi a wodwala ku Algeria, ndiponso mu 1897 pamene Ronald Ross anakapeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Kuchokera apo maikulosikopu inakhala chida chachikulu cha chipatala cha kumadera otentha, ndipo ngakhale kuti madokotala a boma la atsamunda ankasamala kwambiri za azungu ndi antchito a boma m'madoko a Chiromo ndi Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, m'kupita kwa nthawi lusoli linafika kwa anthu wamba kudzera m'zipatala za maboma a Chikwawa ndi Nsanje komanso za mishoni monga Trinity ku Muona ndi Montfort ku Nchalo. Kuyambira mu 2011 tizipangizo toyezera malungo mwachangu tinafalikira m'dziko lonse, moti wachipatala amabaya chala, n'kudontheza magazi pakabowo ka kapulasitiki, n'kuwonjezapo madontho a mankhwala, ndipo pakatha mphindi 15 kapena 20 mizere iwiri imasonyeza kuti malungo alimo. Kuyeza HIV kunakula boma litayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, ndipo ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1995, akhala akuchita kafukufuku wambiri wa malungo ku Chikwawa. M'zonsezi funso lalikulu linali limodzi, loti kodi m'magazimo muli kachilombo kapena ayi.

M'zaka zomwezo madokotala a ku America ndi ku Ulaya, kumene matenda a mitsempha ya mtima ankapha anthu ochuluka, ankafunsa magazi funso lina. Enzaimu ndi puloteni amene amafulumizitsa ntchito inayake m'kati mwa selo, ndipo selo likawonongeka enzaimuyo amatayikira m'magazi n'kukhala chizindikiro chakuti chiwalo china chavulala. Mu 1954 John LaDue, Felix Wroblewski ndi Arthur Karmen a ku New York anaonetsa kuti enzaimu wotchedwa AST amakwera munthu akangodwala mtima mwadzidzidzi, ndipo pambuyo pake kunabwera lactate dehydrogenase ndi creatine kinase, mpaka m'chaka cha 2000 pamene akatswiri anagwirizana kudalira troponin, puloteni wa mnofu wa mtima yemwe si enzaimu. N'zochititsa chidwi kuti tizipangizo tina toyezera malungo timafufuza lactate dehydrogenase wa kachilomboko, kotero kuti enzaimu wa mtundu umene unatumikira madokotala a mtima ku New York anafika m'madera a malungo pa ntchito ina.

Zizindikiro zimenezi zinkangotsimikiza ngozi imene yachitika kale, choncho ofufuza anafuna zina zochenjeza ngoziyo isanagwe. Maganizo oti kuundana kwa mafuta m'mitsempha kumayendera limodzi ndi kutupa anali atanenedwa kale ndi Rudolf Virchow m'zaka za m'ma 1800, ndipo Russell Ross anawatsitsimutsa mu 1999. Kutupa kotchulidwa pano si chotupa chooneka ndi maso, koma ndi nkhondo yapansipansi imene maselo oyera a magazi amamenya m'khoma la mtsempha kwa zaka zambiri, mpaka chigamba cha mafutacho chitang'ambika ndipo magazi n'kuundana pamenepo. Paul Ridker anasonyeza mu 1997 kuti amuna athanzi okhala ndi CRP wokwera, yemwe ndi puloteni wopangidwa ndi chiwindi thupi likatupa, ankadzadwala mtima kuposa anzawo. Mu 2000 kafukufuku wa ku Scotland anapezanso zofanana pa enzaimu wa Lp-PLA2, ndipo mu 2001 gulu la Stanley Hazen ku Cleveland Clinic linalumikiza matendawa ndi myeloperoxidase, enzaimu wa m'maselo oyera amene amapangitsa mafinya ndi makhololo kuoneka obiriwira ndipo amapha majeremusi ndi mankhwala onga jiki wochapira zovala, mankhwala omwe amawononganso mafuta ndi khoma la mtsempha akachuluka. Komabe chizindikiro si gwero la nthenda nthawi zonse, chifukwa mankhwala a darapladib, omwe anapangidwa kuti afooketse Lp-PLA2, analephera kuchepetsa matenda a mtima pa kafukufuku wamkulu wa 2014, ngakhale kuti mu 2017 mankhwala ena ochepetsa kutupa, a canakinumab, anathandizako pang'ono.

Ku Africa kuno matenda a mitsempha ya mtima ankaonedwa ngati achilendo. Mu 1929 C. P. Donnison anayeza anthu 1,000 kumadzulo kwa Kenya n'kupeza kuti magazi awo sankathamanga kwambiri ngakhale atakalamba, ndipo kaundula wa odwala mtima 3,908 pachipatala chachikulu cha Mzuzu pakati pa 2001 ndi 2005 anasonyeza kuti ambiri anali ndi mavavu a mtima owonongeka chifukwa cha matenda a pakhosi a paubwana, ena mtima wotopa ndi BP, ena mnofu wa mtima wofooka, pamene odwala mitsempha ya mtima sanafike ngakhale mmodzi pa 100 alionse. Ziwerengero zotere ziyenera kuwerengedwa mosamala, chifukwa munthu wogwa mwadzidzidzi m'dimba ku Makhanga safika m'kaundula wa chipatala chilichonse. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ambiri mwa iwo osadziwa, ndipo oposa 5 pa 100 anali ndi shuga. Chigwa cha Shire, chomwe kale chinkatchuka ndi mchere umene amayi ankatcheza kuchokera ku dothi n'kumasinthanitsa ndi anthu a kumtunda, ndipo kuyambira m'ma 1960 chili ndi minda ya nzimbe ku Nchalo imene inabweretsa malipiro a pamwezi ndi zakudya zogula m'sitolo, sichingakhale kunja kwa kusinthaku.

Vuto lalikulu pogwiritsa ntchito zizindikiro za kutupa zija m'chigwachi ndi lakuti malire a CRP ndi myeloperoxidase osonyeza ngozi anakhazikitsidwa pa anthu a kumayiko kopanda malungo. Mlimi wa ku Ngabu kapena msodzi wa ku Elephant Marsh akhoza kukhala ndi malungo obisika, likodzo, chifuwa chachikulu kapena bala la pamwendo, ndipo chilichonse mwa izi chimakweza CRP kuposa mmene mtsempha wodwala ungachitire, kotero kuti dokotala wowerenga zotsatirazo ndi muyeso wa kumayiko amenewo akhoza kuopseza munthu wa mtima wabwino, kapena kuiwala nthenda yeniyeni imene yakweza chiwerengerocho. Izi sizitanthauza kuti kutupa kochokera ku tizilombo kulibe kanthu pa mitsempha. Kafukufuku wa pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti HIV ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu za sitiroko pakati pa odwala achinyamata, ndipo kafukufuku wa REPRIEVE, amene anaphatikiza mayiko angapo a mu Africa, anasonyeza mu 2023 kuti mankhwala a pitavastatin anachepetsa ndi 35 pa 100 ngozi zazikulu za mtima ndi mitsempha mwa anthu amene ali ndi HIV.

Pakadali pano wodwala wa ku Nsanje amene akufunika akatswiri a mtima amatumizidwa ku Blantyre, ulendo wa makilomita oposa 150 wodzera pa Bangula, Nchalo ndi chitunda cha Thabwa, pamene mnofu wa mtima wosowa magazi umayamba kufa m'maola oyambirira. N'chifukwa chake ntchito yolimbana ndi matenda osapatsirana m'zipatala za m'maboma yatsamira pa zinthu zotsika mtengo zimene phindu lake ndi lodziwika kale, monga makina oyezera BP, kachipangizo koyezera shuga, uphungu wosiya fodya ndi kuchepetsa mchere, ndiponso mapiritsi a tsiku ndi tsiku, omwe amathandiza pokhapokha ngati akupezeka mufamase mwezi uliwonse.