Nyama, Mowa ndi Malire ku Mchinji

Kale m'dera limene lero likutchedwa Mchinji, anthu ankapeza mpata wosangalala akatha kukolola. Nkhokwe zikadzaza, amayi ankafulula mowa wa masese ndi kuphika thobwa, ndipo mudzi wonse unkasonkhana pabwalo kukaonera gule. Chakudya cha pa nthawi zoterezi sichinkagulidwa ayi. Mlendo wodutsa ankangoitanidwa kuti asambe m'manja, ndipo munthu wodyera m'nyumba anzake ali panja ankatchuka ndi dzina loipa la womana.

Achewa ankanyadira nsima ya nkhwani wotendera ndiponso mbewa, zimene anyamata ankakumba m'chilimwe ngati masewera. Koma Angoni a Mpezeni, amene anafika kuderali m'zaka za m'ma 1800, anabwera ndi ng'ombe zambiri. Kwa iwo phwando lopanda nyama yootcha ndi mowa silinali phwando konse. Lalikulu mwa onse linali Nc'wala, pamene mfumu inkayamba kulawa zakumunda zatsopano anthu ake asanaloledwe kudya. Ng'ombe yamphongo yakuda inkabayidwa ndi mkondo, mfumu n'kumwa magazi ake, kenaka ankhondo ankagawana nyamayo kwinaku akuvina ngoma.

Zonsezi zinasokonekera mu 1898. Asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni, anapha Nsingu mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zikwizikwi. Nc'wala inalekeka. Malire a atsamunda anasiya Mpezeni ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, pamene mafumu ena a Angoni monga Zulu ndi Mlonyeni anatsala mbali ya Fort Manning, dzina lakale la Mchinji. Anthu amene ankamwera chipanda chimodzi anasanduka nzika za mayiko awiri.

M'zaka zotsatira ndalama zinalowa m'midzi chifukwa cha fodya ndi mtedza wa chalimbana, ndipo chisangalalo chinayamba kusamukira kumisika. Pa Kamwendo, pa Waliranji ndi pa Kapiri munthu amatha kukhala tsiku lonse akudya kanyenya ndi tchipisi cha pachiwaya. N'zokoma ndithu, koma pachiwaya wopanda ndalama amangomva fungo, zimene sizinkachitika pabwalo la makolo.

Nc'wala inayambiranso mu 1980, patapita zaka zoposa 80. Imachitika ku Mtenguleni, pafupi ndi Chipata, kumapeto kwa February. Achewa nawonso amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa August pa mwambo wa Kulamba, kumene mafumu a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakapereka mitulo kwa Kalonga Gawa Undi. Pa nyengo ziwirizi magulu a anthu a ku Mchinji amadutsa pachipata cha Mwami, ena atanyamula ufa ndi nkhuku zokadya ndi abale awo a tsidya linalo.