Mikufu Yogona Tulo

M'chaka cha 1920, Mjeremani wina, Hermann Staudinger, adanena kuti mphira ndi zinthu zina zotere ndi mikufu yaitali ya timamolekyu tolumikizana ngati mikanda pa ulusi. Anzake ambiri adamutsutsa, koma m'chaka cha 1953 adalandira mphotho ya Nobel. Mikufu imeneyi ndiyo amaitcha polima, ndipo zidebe zapulasitiki, majumbo ndi mapaipi a madzi ndi ana ake.

Kuudziwa mkufuwo kudali kwina, kuulamulira kudalinso kwina. Njira yotchipa yopangira mapulasitiki ambiri imadalira kanthu kotchedwa radical, kachidutswa ka molekyu kokhala ndi elekitironi yopanda mnzake. Kanthuka n'kaphuma zedi. Kamatola mikanda mazanamazana m'sekondi imodzi yokha, ndipo kakangogundana ndi kanzake, tonse tiwiri timafera pomwepo. Motero mumphika umodzi mumatuluka mikufu ina yaitali, ina yaifupi, wophika osatha kuchitapo kanthu.

Michael Szwarc, ali ku Syracuse m'dziko la America, adaonetsa m'chaka cha 1956 kuti mkufu ungathe kukula osafa. Koma njira yake sidali ya radical, ndipo idali yovuta: kadontho kamadzi kapena kampweya kadali kokwanira kuononga ntchito yonse. Kwa zaka zambiri akatswiri adangovomereza kuti radical saweteka.

Apa mpamene mbiriyi imandikoka mtima. Yankho silidali kupha phuma lija ayi, koma kuugoneka mkufuwo tulo. M'chaka cha 1995, Krzysztof Matyjaszewski, mbadwa ya ku Poland, ndi Jin-Shan Wang adalengeza ku yunivesite ya Carnegie Mellon njira yotchedwa ATRP. Kumapeto kwa mkufu kumakhala atomu ya chlorine kapena bromine ngati chitsekerero. Mkuwa umachotsa chitsekererocho, mkufu n'kudzuka, n'kutola mikanda ingapo, kenaka mkuwa uja n'kubwezera, mkufu n'kugonanso. Popeza mikufu yodzuka pa nthawi imodzi ndi yochepetsetsa, siigundana kawirikawiri, ndipo yonse imakula mofanana kwa maola angapo. Chaka chomwecho ku Kyoto, Mitsuo Sawamoto adapeza zofananazo payekha pogwiritsa ntchito ruthenium m'malo mwa mkuwa. M'chaka cha 1998, Ezio Rizzardo, Graeme Moad ndi San Thang a ku bungwe la CSIRO ku Australia adaonjezera njira ina, ya RAFT, yodalira mankhwala a salufa.

Ambiri posimba nkhaniyi amayambira pa 1995, ndipo ine ndimaona kuti uku n'kulanda munthu chake. Maganizo a mkufu wogona ndi kudzuka adawayala ndi Takayuki Otsu wa ku Osaka m'chaka cha 1982, ndi mankhwala amene adawatcha iniferter. Mikufu yake sidafanane bwino, n'zoona, koma wolambula njira sakhala amene adzapite ndi ngolo. Pakati pa iye ndi ATRP padalinso David Solomon ndi Rizzardo, amene adagoneka mikufu ndi nitroxide m'zaka za m'ma 1980, komanso Michael Georges wa kampani ya Xerox ku Canada m'chaka cha 1993.

Lero wophika amatha kusiya mkufu uli mtulo, n'kuthira mikanda ya mtundu wina, n'kuudzutsanso. Mkufu wa zigawo ziwiri woterewu ndi umene opanga penti amathira kuti utoto usaundane m'chitini.