Chipembedzo

Mawu akuti chipembedzo adachokera ku mneni woti kupembedza. Mayi amapembedza mwana wolira, kumusisita ndi kumunyengerera mpaka atatonthola. Makolo nawo ankapembedza mizimu ndi nsembe ya ufa ndi mowa kuti mvula igwe. Lero ambiri akamva mawuwa amangoganiza za tchalitchi kapena mzikiti, koma ku yunivesite tanthauzo lake n'lotambasuka. Wophunzira za zipembedzo ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba salalikira ayi, amafufuza chiyambi, ziphunzitso ndi miyambo ya Chikhristu, Chisilamu ndi zipembedzo zina. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, yemwe Matthew Schoffeleers adamulembera buku mu 1992, amawerengedwanso pomwepo. Amene amangoti zimenezo n'zachikunja amawachepetsa mawuwa.