Dzina la Dzalanyama

Alipo anyamata ena masiku ano amene amanena molimba mtima kuti mapiri a Dzalanyama, aja ali kumwera chakumadzulo kwa Lilongwe m'malire ndi Mozambique, anatchedwa chotero chifukwa cha ng'ombe zimene boma linkaweta kumeneko. Koma iwowa aiwala kuti pamene atsamunda anakhazikitsa nkhalangoyi kukhala yotetezedwa mu 1922, dzinali analipeza lili kale pakamwa pa Achewa, khola ndi limodzi lomwe lisanazikidwe. Tanthauzo lake lili poyera: ndi malo odzala ndi nyama.

Komabe nkhalamba za kufupi ndi Msinja, kumene kunali kachisi wa Makewana, sizikhutira ndi kumasulira kwapafupiku. Izo zimati kudzala kwake ndi kuja kwa mbewu, pakuti pa Kaphirintiwa, m'mapiri momwemo, ndi pamene Chauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero, pamodzi ndi zamoyo zonse, thanthwe likali lofewa, kotero kuti mapazi awo anadindika pamwalapo. Ndipo munthu atapeka moto natentha thengo, nyama zinamuthawa, kupatula galu ndi mbuzi. Ine sindingatsutse, popeza mawu a akulu akoma akagonera.

Chimene ndiumirira ndicho chakuti nyama za m'dzinali si za miyendo inayi zokha. Zikuluzikulu zambiri zinatha, koma mbalame zikudzazabe mapiriwa, iliyonse pa nyengo yake. M'malimwe, mitengo ya mombo ikaphuka masamba ofiira mvula isanagwe, gogomole amaboola chisa m'thunthu louma. Lumbe amafika kuchokera kumpoto, wamphongo atamera nthenga ziwiri zazitali kumapiko, ndipo wamkazi, amene sadziwa kumanga chisa, amaikira mazira pansi penipeni pakati pa masamba ouma. Anamzeze a ku Ulaya nawo amatulukira ndi mvula yoyamba, nabwerera kwawo dzinja likamatha, chimanga chili pafupi kucha.

Tsono iye amene agwetsa mombo kuti awotche makala asayese kuti watenga mtengo chabe, pakuti wapasula chisa, waumitsa kasupe wa mtsinje wa Lilongwe umene mzinda wonse umamwa, ndipo dzina limene makolo anatcha m'choonadi akulisandutsa bodza pamaso pa adzukulu ake.